Tsiku lodikira basi ku Dar es Salaam lisadye mpamba

Amalonda amene amakapikula katundu ku Dar es Salaam amalidziwa tsiku lija lopanda chochita. Katundu wagulidwa, wamangidwa, waperekedwa kwa onyamula, koma basi yobwerera ku Songwe inyamuka mawa m'bandakucha. Patsiku lotere mpamba umatha osamveka phokoso: bajaji apa, chakumwa apo, kenaka kansalu kamene sikanali pa mndandanda. Komatu pakati pa mzindawu pali zambiri zoti munthu n'kuona akuyenda wapansi, ndipo ndalama yake ndi ya chakudya, madzi, pantoni ndi khomo limodzi lolipira basi.

Kuchokera ku Kariakoo, kumene ambiri amagona, kukafika kudoko la Kivukoni ndi makilomita pafupifupi 3, ndipo njira yake ilibe chitunda. Vuto ndi kutentha kwa chinyontho, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi, choncho wanzeru amanyamuka kukangocha. Nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya ku Malawi. Komanso Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, moti munthu akati saa moja asubuhi akunena 7 koloko m'mawa. Wosadziwa zimenezi basi imamusiya.

Dzina la Kariakoo linachokera ku Carrier Corps, gulu la onyamula katundu wa asilikali a Britain pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Amuna ambirimbiri a ku Nyasaland anagwira ntchito yomweyi ya mtengatenga pa nkhondo yomweyo, ndiye Mmalawi woyenda m'misewu imeneyi akuponda mbiri yomukhudza. Chinyumba chachikulu cha msikawu, chomwe chinamangidwa m'zaka za m'ma 1970, chinapsa ndi moto mu Julaye 2021. Phunziro lake n'lakuti katundu yense asamasungidwe malo amodzi.

Kulowera kum'mawa, njira idutsa pabwalo la Mnazi Mmoja, lomwe m'nthawi ya atsamunda linali malire pakati pa dera la anthu akuda ndi madera a amwenye ndi azungu. Kuchoka apo munthu atsikire ku Sokoine Drive, msewu woyang'ana kudoko. Pamenepa pali Old Boma, imodzi mwa nyumba zakale kwambiri mumzindawu, yomangidwa m'zaka za m'ma 1860 mu ulamuliro wa Sultan Majid wa ku Zanzibar, yemwe anayambitsa mzindawu. Chapafupi pali tchalitchi cha Katolika cha St Joseph's, ndipo kutsogoloko pali cha Lutheran cha Azania Front cha denga lofiira. Zonse ziwiri zinayamba kumangidwa ndi Ajeremani chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ndipo kuziona kunja sikulira ndalama.

Msika wa nsomba wa Kivukoni ndiwo sukulu yeniyeni ya wageni. M'mawa asodzi amatsitsa nsomba za m'nyanja ya mchere, nkhanu ndi dagaa, yemwe amafanana ndi usipa. Nsomba zambiri zimagulitsidwa pa mnada, kutanthauza kuti opikula amapikisana mitengo poyera ndipo wotchula ndalama zambiri ndiye atenga. Woima pambali kwa theka la ola aona mmene mtengo umagwera dzuwa likamakwera, ndi mmene madzi oundana amapatsira mwini nsomba mphamvu yokana mtengo wotsika. Aonanso amayi amene amagula nsomba zaziwisi, n'kuzikazinga pomwepo, n'kuzigulitsa ndi phindu. Nzeru zotere zimagwira ntchito ngakhale ku Limbe kapena ku Mzuzu.

Pafupi ndi msikawu pali pantoni yowolotsa anthu kupita ku Kigamboni. Ulendo wake ndi wa mphindi zochepa, mtengo ndi wotsika ndiponso wokhazikika. Ali pamadzipo munthu amaona zombo zikuluzikulu zikulowa padoko limene magalimoto ndi katundu wambiri wa ku Malawi amatsikira, komanso ngalawa zamatabwa zoyendera matanga. Chenjezo n'lakuti derali lili pafupi ndi nyumba ya boma, Ikulu, ndipo kujambula zithunzi pamalo otetezedwa kumaika munthu m'manja mwa apolisi. Foni ikhale m'thumba.

Dzuwa likafika paliwombo, pobisala pabwino ndi kumunda wa mitengo wa Botanical Gardens, womwe Ajeremani anauyambitsa mu 1893 kuti aziyeserako mbewu zamalonda. Lero ndi waung'ono, koma muli mthunzi wa migwalangwa ndi mitengo ina ya m'madera otentha. Moyandikana nawo, mumsewu wa Shaaban Robert, muli National Museum, nyumba yosungira zinthu zakale yomwe inatsegulidwa mu 1940. Muno muli mbiri ya malonda a akapolo ndi minyanga, ya nkhondo ya Maji Maji, ndi ya chibade chakale kwambiri chomwe Mary Leakey anapeza ku Olduvai mu 1959. Apa ndi polipira, ndipo mlendo amalipira mosiyana ndi nzika, choncho ndi bwino kufunsa mtengo pakhomo asanalowe.

Pobwerera, msewu wa Samora Avenue udutsa pa chipilala cha Askari, msilikali wamkuwa wogwira mfuti, chomwe chinaimikidwa mu 1927 pokumbukira Aafirika amene anamenya nkhondo ija ndi kunyamula katundu wake. Amene anaonapo chipilala cha asilikali a KAR ku Zomba amvetsa msanga tanthauzo lake.

Pa chakudya, mtengo wabwino uli kwa amayi ophika m'mbali mwa misika, otchedwa mama lishe, amene amagulitsa mpunga wa nyemba kapena ugali, yomwe ndi nsima. Chipsi mayai, tchipisi chokazingira limodzi ndi mazira, chimakhalitsa m'mimba, pomwe madafu, kokonati wamuwisi, amapha ludzu. Mtengo ufunsidwe chakudya chisanafike pambale.

Ndalama ya tsikulo ipatulidwe usiku, ikhale ya mapepala ang'onoang'ono, pakuti wotulutsa pepala la 10,000 shillings pogula madzi amavutika ndi chenji komanso amaitana maso. Yotsala ndi malisiti a katundu zisungidwe pamalo otetezeka, ndipo chiphaso choyendera chikhale m'thumba lamkati. Osintha ndalama a mumsewu ndi achinyamata odzipereka kuperekeza mlendo ndi ofunika kuwakana mwaulemu. Miyendo ikatopa, mabasi a mwendokasi, omwe anayamba mu 2016, ali ndi siteshoni ku Kivukoni ndipo mtengo wake sanenerera. Wamalonda abwerere kogona dzuwa lisanalowe, akaonenso tikiti ndi ola lonyamukira basi.