WA KACIROMBO ASACOTSEDWE NCHITO

Inu anzathu a kumidzi, caka ndi caka ambiri a inu mupita kukalembedwa nchito ku minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ya fodya ku Kasungu, kapena ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Ena mwa inu muli ndi kacirombo ka HIV, ndipo mubisa mankhwala anu pansi pa mphasa poopa kuti kapitao akadziwa, nchito yatha. Tamverani zimene malamulo a dziko lino anena.

Lamulo la HIV ndi Edzi la caka ca 2018 liletsa bwana kukuumirizani kuti muyezedwe magazi asanakulembeni nchito. Liletsanso kukucotsani cifukwa cakuti muli ndi kacirombo. Za m'magazi mwanu nzanu nokha. Mukafuna kuuza bwana, uzani. Mukapanda kufuna, palibe mlandu.

Nanga mukadwala? Lamulo la Nchito la caka ca 2000 liti munthu amene wagwira nchito miyezi 12 yosadukiza pa bwana mmodzi ayenera kupatsidwa, pa caka, masabata 4 opumula alikulandira malipiro onse, ndi masabata ena 8 alikulandira theka. Koma kumbukirani kutenga kalata ya kucipatala, pakuti popanda kalatayo mau anu sadzalemera.

Kuyambira caka ca 2004 Boma lipereka mankhwala a ARV kwaulere m'zipatala zake. Munthu amene amwa mankhwalawa tsiku ndi tsiku, osadumphitsa, akhala ndi mphamvu zothyola tiyi ndi kudula nzimbe monga anzake. Cifukwa cace tsiku lanu lokalandira mankhwala likayandikira, pemphani cilolezo msanga. Ngati thupi lafooka, pemphani nchito yopepuka kufikira mutapezanso mphamvu.

Inunso amene mulemba anyamata osamala fodya kapena abusa a ng'ombe, malamulowa akukhudzani. Kacirombo sikayenda pa mpini wa khasu, kapena m'mbale ya nsima, kapena popatsana moni wa dzanja. Kupirikitsa mnyamata wodziwa kupacika ndi kusankha fodya cifukwa ca mantha acabe ndiko kudziononga nokha. Mloleni apite kucipatala pa tsiku lace, ndipo zimene wakuuzani m'tseri musakazinene pa mowa.

Tsono ngati mwacotsedwa kale, musangomanga katundu ndi kubwerera kumudzi mwakacetecete. Pitani kwa mkulu woona za nchito pa boma panu isanathe miyezi 3, mutatenga mapepala anu a malipiro ndi kalata yokucotsani ngati munapatsidwa. Iye adzaitana bwanayo kuti mukambirane. Zikakanika pamenepo, mlandu upita ku bwalo loweruza milandu ya nchito, limene lingathe kulamula kuti mulipidwe kapena mubwezedwe pa nchito panu.

Amene mudziwa kuwerenga, werengerani anzanu nkhani iyi madzulo pabwalo. Paja akulu anati safunsa anadya phula.