N'chifukwa chiyani agalu akuluakulu amakonda kukhala pamiyendo ya ambuye awo?

Mlendo akafika pakhomo pamene pali galu wa mtundu wa Great Dane, amayembekezera kuuwa koopsa. Koma oweta agaluwa amadziwanso khalidwe lina: chimphona cholemera makilogalamu 60 kapena 70 chimatha kubwerera chambuyo pang'onopang'ono mpaka kukhazika matako pamiyendo ya mbuye wake amene wakhala pa sofa, miyendo yakutsogolo ili pansi, ngati kagalu ka miyezi iwiri.

Khalidweli limaonekanso mwa agalu ena akuluakulu monga English Mastiff, Saint Bernard, Newfoundland ndi Irish Wolfhound. Ngakhale Boerboel, galu wochokera m'mafamu a ku South Africa amene mabanja ena m'mizinda yathu amaweta kuti azilondera pakhomo, amatha kuyedzamira mbuye wake ndi thupi lonse.

Kukula kwa agaluwa n'kodabwitsa. Buku la Guinness World Records linalemba kuti Zeus, Great Dane wa ku Michigan m'dziko la America, anali wotalika masentimita 111.8 kuchokera pansi kufika paphewa. Zorba, English Mastiff wa ku London, ankalemera makilogalamu oposa 155 mu 1989, kuposa matumba atatu a chimanga a makilogalamu 50.

Anthu ambiri amati agalu oterewa sadziwa kuti anakula. Koma akatswiri a pa yunivesite ya Eötvös Loránd ku Budapest, m'dziko la Hungary, atayesa agalu powadutsitsa pa zipata zosiyana kukula, anapeza kuti galu amazengereza akaona kuti chipata n'chaching'ono poyerekeza ndi thupi lake. Izi zikusonyeza kuti galu amauzindikira msinkhu wake, choncho gwero la khalidweli lili kwina.

Chifukwa choyamba n'chikondi cha pakati pa galu ndi munthu. Mu 2015, akatswiri a pa yunivesite ya Azabu ku Japan anafalitsa zotsatira za kafukufuku wosonyeza kuti galu ndi mbuye wake akayang'anana m'maso kwa kanthawi, m'matupi mwa onse awiri mumachuluka oxytocin, mchere wa m'thupi umene umalimbitsanso chikondi cha mayi ndi khanda lake. Galu amene amakhulupirira munthu amafuna kukhala naye pafupi, makamaka akachita mantha ndi mabingu, makombola kapena alendo.

Chachiwiri ndi mbiri ya mitunduyi. Great Dane ankagwiritsidwa ntchito posaka nguluwe ku Germany, ndipo Irish Wolfhound ankasaka mimbulu ku Ireland. Ulenje woterewu utatha, oweta anayamba kusankha agalu ofatsa kuti ndiwo aziswana, popeza galu wamkulu wolusa sangasungike m'nyumba. Ena anali ofatsa kuyambira kale chifukwa cha ntchito yawo. Saint Bernard ankathandiza amonke kufunafuna apaulendo osochera m'chipale chofewa m'mapiri a Alps, pamalire a Switzerland ndi Italy, pomwe Newfoundland ankathandiza asodzi a ku Canada kukoka makoka.

Chachitatu, chimene chili m'manja mwa mwini galu, n'chizolowezi. Great Dane amabadwa wolemera pafupifupi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi. Ali wamng'ono chonchi, aliyense pabanja amamunyamula, kumufungatira ndi kumusisita. Kagaluko kamaphunzira kuti kukwera pamiyendo kumabweretsa zokoma. Pakatha chaka, thupi limakhala litaposa makilogalamu 40, koma phunzirolo likadalipo. Anthu akamaseka ndi kujambula zithunzi galuyo akawakhalira, kwa iye imeneyo ndi mphotho yomulimbikitsa kubwerezanso.

Ngakhale khalidweli n'losangalatsa, lili ndi kuopsa kwake. Galu wa makilogalamu 60 angathe kugwetsa agogo, kupsinja mwana wamng'ono kapena kuvulaza mayi woyembekezera popanda cholinga choipa. Nayenso galu amadzipweteka, chifukwa mitundu ikuluikulu imavutika kawirikawiri ndi matenda a molumikizana mafupa a m'chiuno ndi m'zigongono, ndipo kudumpha pamipando ali wamng'ono kumapanikiza mafupa amene sanakhwime.

Kuwongola mtengo n'kuli waung'ono. Nthawi yabwino yophunzitsa galu ndi miyezi yake yoyambirira, ndipo lamulo lake n'losavuta: chimene simungalole galu wamkulu, musachilole kwa kagalu. Mukafuna kumusisita, khalani naye pansi m'malo momukweza pampando. Muikireni mphasa kapena chofunda chake pafupi ndi pamene inu mumakhala, ndipo mumupatse kachakudya kapena kumuyamikira akagona pamenepo. Akayamba kukwera, imirirani ndi kumulozera malo ake. Aliyense pabanja atsate lamulo limodzimodzi, chifukwa bambo akamaletsa ana n'kumalola, galu amasokonezeka.

Kumumenya sikuthandiza. Galu amene wamenyedwa pamene amafuna chikondi amayamba mantha, ndipo galu wamkulu wamantha ndiye amaluma. Mwana wamng'ono asasiyidwe yekha ndi galu wamkulu, kaya galuyo ndi wofatsa motani. Komanso galu amene amakhudzana ndi anthu motere ayenera kulandira katemera wa chiwewe ndi mankhwala a nkhupakupa, utitiri ndi njoka za m'mimba panthawi yake.

Agalu akuluakulu sakhala ndi moyo wautali. Great Dane amakhala zaka zapakati pa 7 ndi 10, pomwe tiagalu ting'onoting'ono timatha kufika zaka 15. M'zaka zochepazi, galuyo amafunikadi kukhala pafupi ndi mbuye wake, ndipo malo omuyenera ndi pambali pa mapazi, mutu atautsamiritsa pabondo.