Kuphunzira kunja: amapindula ndani?

Kwathu ku Kaliyeka, mbiri ikamveka yoti mwana wa uje wapeza mwayi wa sukulu kunja, nkhaniyo imafika pamjigo, pamsika mpaka pasiteji ya akabaza tsiku lomwelo. Anthu amati banja limenelo latulukamo. Chimene ambiri amawerengera ndi ndalama zomwe mwanayo azidzatumiza, mpanda wa njerwa ndi malata atsopano. Sindikuwanena, chifukwa umphawi timaudziwa tonse. Koma ife amene tili pakoleji tiyenera kufunsa mozamirapo: kodi munthu akapita kukaphunzira ku Nairobi, Pretoria kapena Edinburgh, amakatengako chiyani, ndipo otsala kuno timapindula bwanji?

Nkhaniyi si yachilendo m'dziko muno. M'chaka cha 1897 John Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth, nakaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Atabwerako mu 1900 anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, ndipo anatsegula sukulu zoyendetsedwa ndi anthu akuda eni ake. Mmodzi mwa ana amene anaphunzira pamishoniyo, Daniel Sharpe Malekebu, nayenso anawoloka nyanja, namaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mu 1917. Mu 1926 anabwerera kudzatsegulanso mishoni ija, yomwe boma la atsamunda linaitseka nkhondo ya 1915 itatha. Anthu awiriwa sanangobwera ndi mapepala okha. Anabwera ataona ndi maso kuti munthu wakuda angathe kuyendetsa sukulu ndi chipatala, zimene kuno ankauzidwa kuti n'zosatheka.

Phindu loyamba ndi limenelo, ndipo kwa ine ndi lalikulu kuposa digiri. Munthu amene wakulira malo amodzi amayesa kuti mmene zinthu zimachitikira kwawo ndi mmene ziyenera kukhalira. Ine ndikuphunzira zauphunzitsi, ndipo kalasi ya ana oposa zana, ena atakhala pansi, buku limodzi akugawana asanu, ndinazolowera kuiona ngati nyengo ya mvula, chinthu chongobwera chokha. Mphunzitsi amene waona kalasi yoyendetsedwa mwina amabwera ndi mafunso omwe ife sitinaganizepo kufunsa. Si zonse zomwe waonazo zingagwire ntchito ku Chinsapo kapena ku Mgona, ndipo amene amabwera n'kumangonyoza za kuno amatopetsa. Koma wodziwa kusankha amathandiza.

Palinso maphunziro ena oti kuno kulibe, kapena alipo koma zipangizo zake n'zoperewera. Chitsanzo chomveka bwino ndi cha madokotala. University of Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965, koma kwa zaka zoposa 25 dziko lino linalibe sukulu ya udokotala. Aliyense wofuna ntchitoyi ankatumizidwa kunja, ndipo ambiri sankabwerera. Ankakhala zaka zambiri kumeneko, kukwatira konko, kuzolowera malipiro a konko. Boma linataya ndalama, odwala anatsala opanda wowaona. Mu 1991 College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre, ndipo ophunzira ake oyamba anali oti zaka zoyambirira anachitira kumayiko monga Britain, n'kudzamalizira kuno, pa odwala a kuno, pa malungo ndi chifuwa chachikulu cha kuno. Lero sukuluyo ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ambiri mwa aphunzitsi ake a Chimalawi ndi anthu omwe anakazamitsa maphunziro kunja n'kubwerera. Choncho mukapita ndi mayi anu ku Kamuzu Central Hospital n'kupeza dokotala wophunzira ku Blantyre, dziwani kuti ulendo wa munthu wina ndi umene mukudyerera.

Mbiri imeneyi ikutiuza zinthu ziwiri pakamodzi. Kuphunzira kunja kunamanga sukulu yathu ya udokotala, koma kuphunzira kunja komweko kunatilanda madokotala kwa zaka zambiri. Kusiyana kwake kuli pa kubwerera. Sindikufuna kuweruza amene amatsalira, chifukwa ena amabwera n'kukhala chaka chathunthu akuyenda ndi envulopu ku Capital Hill osapeza ntchito. Mlanduwo ndi wa tonse. Komabe tinene zoona: ndalama zotumiza zimathandiza banja limodzi, pamene mphunzitsi wa masamu wobwerera amathandiza makalasi a zaka makumi atatu.

Nanga njira yake ndi yotani kwa mwana wa ku Kaliyeka, Biwi kapena Kawale? Kudzilipirira n'kovuta kwambiri, makamaka chichokereni mu Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Fizi yolipira m'madola inakwera usiku umodzi, ndipo madolawo m'mabanki savuta pang'ono kuwapeza. Njira yotheka kwa ambiri a ife ndi sikolashipu. Zodziwika ndi monga Chevening ndi Commonwealth za ku Britain, Fulbright ya ku America, komanso ya Mastercard Foundation yomwe imatumizanso ophunzira ku mayunivesite a mu Africa momwe muno. Zambiri mwa izi ndi za digiri yachiwiri. Chevening imafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri, komanso kuti akamaliza abwerere kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri. Izi zikutanthauza kuti magiredi a semesita ino, omwe ena tikuwaseweretsa, ndi amene adzawerengedwe tsikulo.

Tisaiwalenso kuti kunja si Ulaya yekha. Ambiri mwa aphunzitsi ndi abusa athu anaphunzira ku Solusi ku Zimbabwe kapena ku Baraton ku Kenya. Kumeneko mtengo ndi wotsikirapo, ndipo mavuto a m'kalasi ndi ofanana ndi athu, kotero zomwe waphunzirazo sizivuta kuzigwiritsa ntchito ukabwerera.

Chenjezo ndi pa anthu omwe amalengeza pa Facebook ndi WhatsApp kuti akupezerani malo kunja mukalipira kaye ndalama ya fomu. Sikolashipu ngati Chevening salipiritsa pofunsira. Ndipo musanagulitse puloti ya makolo, fufuzani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, chifukwa mukabwerako pepala lanu lidzayenera kuunikidwa ndi National Council for Higher Education. Ngakhale Kamuzu Banda, atamaliza udokotala ku Meharry mu 1937, anapeza kuti pepala la ku America silinkamulola kugwira ntchito m'mayiko olamulidwa ndi Britain. Anachita kupita ku Edinburgh kukalembanso mayeso, ndipo anamaliza mu 1941.