Munthu wokanidwa manda: nthano yomwe idavulaza Ayuda

Mlimi aliyense amaudziwa udzu wa khovani. Ukauzula n'kuutaya mumzere, mvula ikangogwa umaupeza wagwiranso, ukuyanga ngati palibe chidachitika. M'Chingerezi, ena amautchula udzuwu ndi dzina lotanthauza "Myuda woyendayenda", chifukwa sumva kufa ndipo sukhala malo amodzi. Kuseri kwa dzinali kuli nthano ya ku Ulaya yomwe idakhetsa misozi ya anthu ambiri.

Nthanoyi imakamba za munthu wa ku Yerusalemu yemwe akuti adanyoza Yesu paulendo wokapachikidwa. Chilango chake n'choti sadzafa kufikira Yesu atabweranso. Koma tsegulani Baibulo kuyambira Mateyu mpaka Yohane, munthu ameneyu simumupeza.

Imodzi mwa nkhani zakale zomutchula idalembedwa ndi mmonke wa ku England, Roger wa ku Wendover. Iye adalemba kuti m'chaka cha 1228 bishopu wamkulu wa ku Armenia adakacheza kwa amonke a ku St Albans, komwe adawauza za Cartaphilus, mlonda wa pakhomo la Pilato. Akuti mkuluyu adamenya Yesu kumsana pofuna kumufulumizitsa. Pambuyo pake adalapa n'kubatizidwa, koma akati wakwanitsa zaka 100, thupi limabwerera pa zaka 30. M'nkhani imeneyi munthuyo ndi wofatsa, wosalankhulalankhula, wongodikira tsiku lake ku Armenia.

Zinthu zidasintha m'chaka cha 1602 pomwe kabuku kena kadasindikizidwa m'Chijeremani. Apa mlonda uja wasanduka Myuda wosoka nsapato, dzina lake Ahasuerus. Akuti Yesu atatopa ndi mtanda adafuna kupumako pakhomo pake, iye n'kumuthamangitsa. Chichokereni tsikulo sadapumenso naye. Kabukuka kadati bishopu wa ku Schleswig, Paul von Eitzen, adamuona m'tchalitchi ku Hamburg m'chaka cha 1542, wamtali, watsitsi lalitali, wopanda nsapato kuphazi.

Pali zinthu ziwiri zomwe zikadayenera kudzidzimutsa owerenga. Bishopuyo adamwalira mu 1598, choncho mboni yake padalibe woti n'kuifunsa. Komanso dzina loti Ahasuerus ndi la Ahaswero wa m'buku la Estere, mfumu ya Perisiya yomwe sidali Myuda n'komwe. Koma kabukuka kadayenda malonda, kadasindikizidwa kambirimbiri, ndipo mphekesera zidayamba kumveka m'mizinda yosiyanasiyana kuti mkuluyu waonekera.

Vuto lidali lakuti anthu sadamutenge ngati munthu mmodzi. Adamuyesa chithunzi cha Ayuda onse, n'kumati kusowa kwawo pokhala ndi tsoka lochokera kwa Mulungu. Chikhalirecho omwe ankawasowetsa pokhala adali mafumu: England idawapirikitsa mu 1290, Spain mu 1492. Wothamangitsa mnzake ankatembenuka n'kumufunsa chifukwa chomwe sakhazikikira.

Ku Germany nthanoyi ankaitcha "Myuda wamuyaya". Chipani cha Nazi chidatenga dzina lomweli n'kulipatsa chionetsero chonyoza Ayuda chomwe chidatsegulidwa ku Munich mu 1937, kenaka kanema wa mu 1940. Pofika 1945, Ayuda pafupifupi 6 miliyoni adali ataphedwa. Nthano payokha sidaphe munthu, koma idali m'gulu la nkhani zomwe zidazoloweretsa anthu kuona Myuda ngati wotembereredwa. Mu 1965, msonkhano waukulu wa Mpingo wa Katolika ku Vatican udalengeza kuti imfa ya Yesu siyenera kusenzetsedwa Ayuda onse a nthawi ija, ngakhalenso a lero.

Ayuda eni ake ali naye woyendayenda wawo, ndipo si wotembereredwa ayi. Ameneyu ndi mneneri Eliya. Poti buku lachiwiri la Mafumu limati adatengedwa kumka kumwamba m'kamvuluvulu osalawa imfa, nthano zawo zimati amabwerabe pansi pano. Safika ndi ulemerero. Amavala nsanza ngati wopemphapempha kapena mlendo wotopa ndi ulendo, n'kugogoda pakhomo. Banja losauka lomwe lamugawirako kochepa komwe lili nako limadzuka zinthu zitasintha, pomwe wachuma womana amazindikira mochedwa, mlendo atapita kale.

Nayenso Eliya sakhala pamodzi, koma kulikonse amayembekezeredwa. Pamwambo wa mdulidwe wa mwana wamwamuna amamuikira mpando wakewake. Usiku wa Paska, banja likatha kudya, amathira vinyo m'chikho chomwe palibe amachikhudza, ndipo wina amanyamuka kukatsegula chitseko kuti mneneri alowe. M'makomo ambiri ana amaunjikana patebulo, maso ali pachikho, kuti aone ngati vinyo watsikako.