RAUTA YAKALE INGATHE KUFIKITSA WI-FI KUCHIPINDA CHAKUTALI

Munthu wochokera ku Lilongwe pa msewu wa M1, akapitirira Lumbadzi koma asanafike pa Mponela, amadutsa pa Mtengowanthenga m'boma la Dowa, malo odziwika chifukwa cha mishoni ya Akatolika ndi chipatala chake. Chakum'mawa kwake kuli zitunda za Dowa zimene zimakagundana ndi mapiri a Ntchisi. M'dera limeneli muli aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi ndi makalaliki, ndipo masiku ano ntchito ya ambiri a iwo imatsamira pa intaneti, pakuti malipoti, zidziwitso za ku likulu ndi maphunziro a pakalata zonse zimadzera m'menemo.

Dandaulo lofala m'nyumba za anthu otere ndi lakuti rauta, kabokosi kaja kamene kamalandira intaneti ndi kuigawira mafoni ndi makompyuta, imagwira bwino pabalaza pokha. Mphunzitsi akalowa kuchipinda kuti akonze phunziro la mawa ana atagona, Wi-Fi imazilala, ndipo mlandu amaupereka kwa kampani ya mafoni.

Nthawi zambiri mlanduwo umagwera wosalakwa. Pali mafunde a mitundu iwiri amene anthu amawasokoneza. Oyamba ndi ochokera pa nsanja ya TNM kapena ya Airtel kudza ku rauta. Amenewa amatchingidwa ndi mapiri, n'chifukwa chake nyumba ya m'chigwa imavutika pamene ya pamtunda ili pabwino. Achiwiri ndi ochokera pa rauta kunka ku foni, ndiwo Wi-Fi; amenewa ndi ofooka, ndipo khoma lililonse la njerwa zootcha limawadya mphamvu, pamene malata ndi zitseko zachitsulo zimawabweza. Tsono popeza rauta imaikidwa pawindo loyang'ana kunsanja, kawirikawiri imakhala kumapeto kwenikweni kwa nyumba, ndipo chipinda cha tsidya lina chimatsala ndi makoma atatu pakati.

Za mafunde oyambawo zili m'manja mwa makampani ndi bungwe la MACRA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti liziyang'anira ntchito za mauthenga m'dziko muno. Boma lachita mbali yake pokuza njira za intaneti, monga kudzera mu ntchito ya Digital Malawi imene World Bank idavomereza kuthandiza mu 2017. Koma palibe ofesi ya Boma imene ingalowe m'nyumba ya munthu kukamuchotsera khoma. Zam'katimo n'za mwini nyumba.

Wogulitsa m'sitolo adzanena kuti mankhwala ake ndi kugula chipangizo chatsopano. Komatu zipangizo zimenezi zimachokera kunja, ndipo chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake suli wa malipiro a mphunzitsi wa pulayimale. Pamene zili choncho, m'madirowa a nyumba zambiri mwagona marauta akale amene eni ake adawasiya posintha kampani. Rauta yotere, ngakhale SIM khadi yake idafa kalekale, ikhoza kukhalabe ndi mphamvu yofalitsa Wi-Fi, ndipo ntchito yokhayo ndiyo ikufunika pano.

Chofunika n'chakuti marauta onse awiri akhale ndi zibowo zolowetsamo chingwe, zolembedwa kuti LAN. Tizipangizo tam'thumba tija totchedwa MiFi kawirikawiri tilibe chibowo chotere, choncho sitiyenera ntchito imeneyi. Pafunikanso chingwe cha Ethernet, chimene chimanyamula uthenga bwino lomwe kufikira mamita 100, mtunda woposa nyumba iliyonse ya aphunzitsi.

Mwini ntchito ayambe ndi kukanikiza kabatani kobisika kolembedwa Reset kwa masekondi ngati khumi, kuti rauta yakale iiwale zonse za kale. Kenaka ailumikize ku kompyuta payokha, isanakhudzane ndi inzake, nalowe m'tsamba lake lokonzera. Adiresi ndi mawu olowera zimalembedwa pa kapepala kapansi pa kabokosiko. Mawu olowerawo awasinthe pomwepo, pakuti a kufakitale amadziwika kwa aliyense. Dzina la Wi-Fi ndi mawu ake achinsinsi azilembe mofanana ndi za rauta yaikulu, kuti foni izisamuka yokha munthu akamayenda m'nyumba.

Pali mfundo ziwiri zimene zimagwetsa anthu ambiri, ndipo wogwira ntchito m'Boma sangavutike kuzimva. Rauta iliyonse ili ndi adiresi yake, monga 192.168.8.1 kapena 192.168.1.1, ndipo ziwiri zikakhala ndi adiresi imodzi zili ngati mafayilo awiri a nambala imodzi mu ofesi: kalata imalowa m'fayilo yolakwika. Motero ngati yaikulu ili 192.168.8.1, yakaleyo ipatsidwe 192.168.8.2, kapena nambala ina yomaliza imene yaikuluyo siigawira mafoni. Mfundo yachiwiri ndi ya DHCP, amene ali ngati kalaliki wa kaundula wopereka nambala kwa foni iliyonse yolowa. M'nyumba imodzi mufunika kalaliki mmodzi. Akakhala awiri, aliyense ndi buku lake, foni imaonetsa kuti yalumikizidwa koma palibe tsamba limene limatseguka, ndipo mwini wake amaganiza kuti bandulo yatha. Chotero DHCP wa rauta yakale azimitsidwe. Izi zikatha, chingwe chichoke pa LAN ya yaikulu kukalowa pa LAN ya yakale, ndipo chibowo cholembedwa WAN chisiyidwe chopanda kanthu. Marauta ena ali ndi posankha polembedwa Access Point. Pamenepo zonsezi zimachitika zokha, ndipo buku la rautayo limanena chibowo choyenera.

Kuti awiriwa asamalankhule mopikisana, aikidwe pa matchanelo osiyana. Pa mafunde a 2.4 GHz, amene amapyola makoma bwino koposa a 5 GHz, matchanelo osaloŵerana ndi 1, 6 ndi 11.

Ena amakana chingwe poti chimaipitsa khoma, nasankha kuti rauta yakale izingotola Wi-Fi mumlengalenga n'kuibwereza. Njirayo ilipo pa marauta ena, koma liwiro limatsika pafupifupi ndi theka, chifukwa kabokosiko kamamvera ndi kulankhula mosinthanasinthana. Chingwe chokhomedwa bwino m'mbali mwa denga sichionekera kwa mlendo.

Owerenga asayembekezere zimene njira imeneyi singachite. Siwonjezera mphamvu yochokera kunsanja. Ngati intaneti ili yofooka pabalaza, idzakhala yofooka kuchipindanso. Siwonjezeranso bandulo, ndipo kunena zoona imaifulumizitsa kutha, pakuti ana amene kale ankalephera kuonera makanema kuchipinda kwawo tsopano adzatha. Mafunde adzafikanso kunyumba ya mnansi ndi kumsewu, motero chitetezo chikhale cha WPA2 kapena WPA3. Rauta imene ili ndi WEP yokha ndi yokalamba kopitirira, loko wake amathyoledwa m'mphindi zochepa, ndipo wosunga malikisi a ophunzira kapena mbiri za odwala asaigwiritse ntchito.

Za magetsi sizidetsa nkhawa kwambiri. Rauta imadya pang'ono, ngati babu limodzi laling'ono, ndipo popeza ambiri amayendera mavoti 12, batire la sola lingathe kuwayendetsa onse awiri pamene magetsi a ESCOM azima, malinga zolembedwa pa chaja yake zawerengedwa kaye.

Choopsa chenicheni ndi mphenzi. Pamene nyumba ziwiri za aphunzitsi zayandikana, anthu amayesedwa kukoka chingwe pabwalo kuti agawane bandulo imodzi, kapena kuchifikitsa ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Chingwe cha mkuwa cholendewera panja, m'zitunda zimene mvula yake imadza ndi ziphaliwali kuyambira Novembala kufikira Epulo, chingathe kutenga mphamvu ya mphenzi yogwa chapafupi ndi kuotcha marauta onse awiri pamodzi ndi kompyuta yolumikizidwako. Chingwe chikhale m'kati mwa nyumba imodzi, ndipo mitambo ikayamba kugunda cha ku Ntchisi, chizulidwe pamodzi ndi mapulagi.