BOTOLO LOBWEZA MADZI PA GALIMOTO YAKALE

(Nkhani iyi inalankhulidwa pa wailesi pa nthawi ya oyendetsa magalimoto. Taisindikiza kuti amene sanaimve aiwerenge, ndi kuti amene anaimva aisunge.)

Madzulo ano ndifuna kulankhula nanu za magalimoto akale, onga Morris Minor imene inapangidwa ku England kuyambira 1948 kufikira 1971, Peugeot 404 ya ku France imene inatuluka mu 1960, ndi ena a msinkhu womwewo. Ena mwa inu mukusungabe magalimoto otere, ndipo mudziwa kuti zitsulo zake sizipezeka wamba. Rediyeta ikafa lero, simudzaipeza m'sitolo mawa. Chifukwa chake mverani bwino.

Mwini galimoto yotere adziwa mwambo wa m'mawa. Atsegula boneti, asuzumira m'rediyeta, apeza madzi atsika, natenga chigubu kudzaza kufikira pakamwa. M'mawa mwake apeza atsikanso. Tsono ayamba kudandaula kuti rediyeta yabooka. Kawirikawiri siinabooke ayi. Galimotoyo yawataya yokha madziwo, pakuti inapangidwa kuti izitero.

KODI MADZIWO AMAPITA KUTI?

Madzi akatentha amafutukuka, nafuna malo aakulu. Malita 100 a madzi ozizira, akafika pafupi ndi kuwira, amakhala ngati malita 104. Injini ndi rediyeta ya Morris Minor zimatenga pafupifupi malita 5. Kotero injini ikatentha, madziwo amawonjezeka ndi muyeso wa kapu imodzi ya tiyi.

Amisiri akale anadziwa zimenezi. Ndicho chifukwa chake ananena kuti rediyeta isamadzazidwe kufikira pakamwa, koma pazitsala malo pamwamba. Ndipo pakhosi pa rediyeta anaikapo kapayipi kakang'ono koloza pansi. Mukadzaza kwambiri, kapu ija imatulukira m'kapayipi kameneka nkugwera mumsewu. Injini ikazizira madzi amabwerera pa muyeso wake wakale, ndipo m'malo mwa madzi otayika muja mumalowa mpweya.

Wina adzafunsa kuti, nanga chalakwika n'chiyani, si madzi chabe? Zolakwika zilipo zitatu. Choyamba, mpweya ukakumana ndi madzi m'kati mwa injini umabala dzimbiri. Chachiwiri, madzi a pachitsime ndi a pamjigo amakhala ndi njereza, yonga ija imamatirira m'ketulo. Mukathira madzi atsopano tsiku ndi tsiku, mukuthiranso njereza yatsopano tsiku ndi tsiku, ndipo tinjira ta m'rediyeta, timene tili tating'ono kwambiri, timatsekeka pang'onopang'ono. Chachitatu, ngati mumasakaniza madziwo ndi mankhwala otchedwa coolant, amene amaletsa dzimbiri, ndiye kuti mukutaya ndalama pansi. Ndiponso mankhwalawo ndi poizoni. Amatsekemera, ndipo galu kapena mwana akanyambita pamene adonthera angathe kufa.

NTCHITO YA BOTOLO

Mu 1961 kampani ya Renault inatulutsa galimoto yotchedwa Renault 4, imene inali ndi botolo losungira madzi ofutukuka. Pofika m'ma 1970 opanga magalimoto ambiri anali atayamba kuika mabotolo. Galimoto yanu ngati inabwera yopanda botolo, mungathe kuliika nokha kapena ndi makaniko, ndipo ntchitoyo sitenga tsiku lathunthu.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Kapayipi koloza pansi kaja mukalumikiza ku botolo. Injini ikatentha, madzi owonjezeka amalowa m'botolo m'malo mogwera mumsewu. Injini ikazizira, madzi a m'rediyeta amachepa nasiya malo opanda kanthu, ndipo rediyeta imayamwanso madzi aja kuchokera m'botolo. Kotero rediyeta imakhala yodzaza nthawi zonse, mpweya sulowa, ndipo madzi atsopano safunika m'mawa uliwonse.

CHINSINSI CHILI PA CHITSEKERERO

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amamanga botolo lokongola, nasiya chitsekerero chakale pa rediyeta. Madzi amapita m'botolo ndithu, koma sabwerera. Taganizani za mwana amene akumwa madzi ndi bango. Bangolo likang'ambika pambali, mwanayo angayamwe chotani, adzangokoka mpweya. Rediyeta nayonso itero.

Tembenuzani chitsekerero muchiyang'ane. Pansi pake pali kalabala kokankhidwa ndi sipuling'i. Kameneka kamatseka madzi kufikira atakankha ndi mphamvu yokwanira. Pakati pa kalabalako pali kavalavu kakang'ono kamene kamatseguka injini ikazizira. Zitsekerero zambiri zakale zili ndi ziwirizi, koma pamwamba pake pali chitsulo chokhachokha, chimene sichitseka mpweya. Chitsekerero chimene mufuna chili ndi kalabala kachiwiri pamwamba, kamene kamakhala pamlomo pa khosi la rediyeta nkutsekeratu mpweya wa kunja. Popanda kalabala kachiwirika, botolo lanu lidzakhala lotolera madzi chabe, osati lobweza.

Pogula chitsekerero chatsopano samalani zinthu ziwiri. Choyamba ndi nambala yolembedwa pamwamba, yosonyeza mphamvu ya sipuling'i m'mapaundi. Morris Minor inabwera ndi chitsekerero cha mapaundi 4. Magalimoto ena akale ali ndi cha 7, pamene a zaka zotsatira ali ndi cha 13 kapena 15. Mphamvu imeneyi ili ndi ntchito. Madzi amawira pa madigiri 100 kumalo otsika a m'mbali mwa nyanja ya mchere, koma kumalo okwera onga Dedza amawira msanga, pafupi ndi madigiri 95. Chitsekerero cha mapaundi 4 chimachedwetsa kuwirako ndi madigiri 6 kapena 7. Tsono musanyengedwe kuti nambala yaikulu ndiyo yabwino. Rediyeta ya zaka 60 mukaiika chitsekerero cha mapaundi 15, ingathe kung'ambika m'malo owotcherera, ndipo mapayipi akale angathe kuphulika. Gulani cha nambala imene galimotoyo inabwera nayo.

Chachiwiri ndi kuya kwa khosi la rediyeta. Magalimoto ambiri akale a ku England ali ndi khosi lakuya inchi imodzi, pamene ena ali ndi lalifupi. Chitsekerero chachifupi pakhosi lakuya sichifika pansi, ndipo sichitseka konse. Njira yabwino ndiyo kutenga chitsekerero chakale kupita nacho kusitolo, nkuzilinganiza pamodzi.

KAIKIDWE KAKE

Botolo la lita imodzi likwanira galimoto yaing'ono. Mungalipeze kwa ogulitsa zitsulo za magalimoto ophwasulidwa. Sankhani lokhala ndi chivindikiro wamba ndi kabowo kopumira. Lija lokhala ndi chitsekerero chakechake cha sipuling'i ndi mapayipi aakulu ndi la mtundu wina, lisiyeni. Botolo la chakumwa lomangidwa ndi waya nalonso siliyenera, pakuti limafewa ndi kutentha.

Gwirani ntchitoyi injini itazizira. Limangeni botolo ndi mabawuti pafupi ndi rediyeta, chilili, kutali ndi fani ndi ekizozi. Lisakhale pansi kwambiri. Liyandikire msinkhu wa khosi la rediyeta. Tengani payipi ya labala yolingana bwino ndi kapayipi ka pakhosi, ndipo ikhale yaifupi, yosapindika. Imangeni zolimba mbali zonse ziwiri. Ngati payipiyo ilowera pamwamba pa botolo, ifike pansi penipeni pa botololo, kuti mlomo wake ukhale m'madzi nthawi zonse. Mlomowo muudule mopendeketsa kuti usamatirire pansi nkutsekeka. Kabowo kopumira kasatsekedwe.

Yang'ananinso mlomo wa khosi la rediyeta. Ngati uli wopindika kapena wa dzimbiri, uwongoleni ndi kuupala, kuti kalabala kapamwamba kakhale bwino.

Mukatha, dzazani rediyeta kufikira pakamwa. Tsopano kutero n'kololedwa. M'botolo thirani gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo mulembe chizindikiro pamene madzi alekezera.

KUYESA NGATI ZATHEKA

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Yendani ndi galimotoyo masiku atatu, mukuyang'ana botolo. Injini ikatentha, madzi ayenera kukwera kupitirira chizindikiro. M'mawa ayenera kubwerera pa chizindikiro. Tsiku loyamba angatsike pang'ono chifukwa cha mpweya wotsalira umene watuluka, onjezerani m'botolomo.

Madzi akakwera osabwerera, pali pamene pakulowa mpweya: yang'anani kalabala kapamwamba ndi pomangira payipi. Mukapeza payipi yaikulu ya rediyeta itafwaphira m'mawa, ndiye kuti kavalavu kaja kakanirira kapena payipi ya ku botolo yatsekeka. Madzi akamatsika tsiku ndi tsiku, tsopano ndiye pali pobooka penipeni, ndipo botolo lakuthandizani kudziwa. Mukaona thovu likutuluka m'botolo kosalekeza injini ikulira, pitani kwa makaniko msanga, pakuti mwina gasiketi ya pamutu pa injini yapsa.

CHIMENE BOTOLO SILINGACHITE

Ndinene mosabisa: botolo silichiza galimoto yowira. Ngati galimoto yanu iwira pokwera chitunda cha Thabwa kuchokera ku Chikwawa m'mwezi wa Okutobala, kapena pokwera phiri la Zomba, idzawirabe ngakhale mutaika mabotolo awiri. Matenda ake ali kwina: rediyeta yotsekeka, lamba wa fani wolefuka, kapena pampu ya madzi yotha. Konzani zimenezo poyamba. Botolo ntchito yake ndi kusunga rediyeta yabwino kuti isafe msanga. Ndipo inu a Volkswagen yakale ija yonga kamba, nkhaniyi siikukhudzani, pakuti injini yanu imazizira ndi mphepo.

Potsiriza, chenjezo limene sinditopa kulinena. Musatsegule chitsekerero cha rediyeta injini ili yotentha. Madziwo atentha kupitirira madigiri 100, ndipo mukangotsegula amatumphuka pamodzi ndi nthunzi nkukuwotchani kumaso ndi m'manja. Ubwino wina wa botolo ndi umenewu: mudzaona muyeso wa madzi ndi maso, osakhudza chitsekerero.

Kumbukirani zitatu izi: chitsekerero cha timalabala tiwiri, cha nambala yoyenera, payipi yofika pansi pa botolo, ndi kabowo kopumira kosatsekeka. Yendani bwino pamsewu, ndipo inu otsala pakhomo, tsalani bwino.