Dimba la pazenera: kulima anyezi wamasamba m'nyumba

Mabanja ambiri okhala m'nyumba za lendi paboma ndi m'misika ya m'mawodi athu alibe malo olima ndiwo. Pabwalo mpochepa, ndipo pomwe pali kamalo, nkhuku ndi mbuzi sizisiya chomera chilichonse. Komabe pali mbewu imodzi yomwe imakula bwino pazenera la nyumba: anyezi wamasamba, yemwe amadyedwa akadali wobiriwira. Mbewu yake siyogula padera ayi, ndi kachidutswa ka mizu kaja komwe timataya kudzala tikamakonza ndiwo.

Mukagula anyezi wamasamba pamsika, sankhani amene sanadulidwe mizu. Podula, siyani gawo loyera la kumunsi lotalika masentimita atatu pamodzi ndi mizu yake. Ikani zidutswazi choimika m'kapu kapena m'botolo lodula pakati, ndipo thiranimo madzi ongomiza mizu. Madzi akamiza chidutswa chonse, chimawola. Pakangopita masiku ochepa mudzaona mphukira zobiriwira, ndipo pakatha masabata awiri masamba amakhala atafika podula. Izi zimatheka chifukwa masamba a anyezi amakulira kumunsi, choncho kudula kumwamba sikupha chomeracho.

Madziwo muzisintha masiku awiri alionse. Madzi okhalitsa amanunkha, amawoletsa mizu komanso amasanduka malo oswanirana udzudzu m'nyumba momwe mukugona ana.

Dziwani kuti m'madzi okha mulibe chakudya chokwanira. Mukadula kawiri kapena katatu, masamba amayamba kuwonda ndi kuchepa fungo. Wofuna kukolola kwa miyezi ingapo awokere zidutswazo m'dothi. Tengani chitini kapena chigubu chakale chozama masentimita 15, boolani pansi pake kuti madzi azituluka, kenaka dzazanimo dothi losakaniza ndi manyowa owolerana bwino ndi mchenga pang'ono. Musagwiritse ntchito chigubu chomwe munali mankhwala a mbewu kapena mafuta a galimoto. Bzalani motalikirana masentimita asanu, ndipo thirirani pokhapokha dothi la pamwamba likauma. Anyezi wamutu amene waphukira m'khitchini nayenso musataye: mukamubzala motere amatulutsa masamba odyedwa.

Kuwala nkofunika kwambiri. Anyezi amafuna dzuwa la maola pafupifupi asanu ndi limodzi patsiku. Zenera loyang'ana kum'mawa limalandira dzuwa la m'mawa losawotcha. M'miyezi yozizira ya Meyi mpaka Julayi, dzuwa kuno kwathu limadutsira chakumpoto, motero zenera la mbali imeneyo ndi lomwe limawala nthawi yaitali. Masamba akamatuwa ndi kugwa, ndiye kuti kuwala kwachepa. Muzitembenuza chitinicho kuti masamba asapendekere mbali imodzi.

Pokolola, dulani masamba akuluakulu ndi mpeni wakuthwa, kusiya masentimita atatu pamwamba pa dothi. Masambawa ali ndi mavitamini A, C ndi K, ndipo amawerengedwa m'gulu la ndiwo zamasamba pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Athireni mu nyemba, usipa kapena mazira ndiwo zitatsala pang'ono kupsa kuti michere isathe ndi moto.

Zitini ziwiri sizingalowe m'malo mwa dimba, koma zimapulumutsa ndalama yogulira anyezi tsiku ndi tsiku, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo. Ofuna kudziwa zambiri za kapangidwe ka manyowa aonane ndi mlangizi wa zaulimi wa m'dera lawo.